Malata a Bambo Yotamu Mwale

Apongozi anga, a Yotamu Mwale, tinawaika m'manda mvula yoyamba itangogwa, kuseri kwa mabalani akale a fodya pafamu ina kufupi ndi Darwendale, kumadzulo kwa Harare. Amene anabwera pamaliro akukumbukirabe kuseka.

Bokosi lisanatuluke m'nyumba, a Dinala Tembo anatulukira atavala jekete la malemuyo ndi chipewa chawo chodyeka m'mphepete. M'manja anali ndi chingwe chokhala ndi mfundo. A Dinala anali sahwira wa a Mwale. Liwuli tinabwereka kwa anzathu Achishona, ndipo limanena mnzako amene ali ndi ufulu wokunyoza uli moyo ndi kukuyerekeza ukafa. Anayamba kuyeza ndi chingwe chija chilichonse chimene anakumana nacho: khomo, mtondo, mimba ya mkulu wa mpingo. Akayeza ankapukusa mutu monga ankachitira malemuyo.

"Iyayi, pano sipakwana. Kwathu ku Dedza ndiye kukakwana."

Azimayi amene ankalira anafa nalo phwete. Apongozi anga aakazi, a Nabanda, anaseka misozi ili m'masaya, kenako anandiyang'ana. Awirife tinkadziwa kuti maliro amenewa akanatha kuchitikira kutali, ife osawaona.

A Mwale anabwera kuno ali mnyamata, pa lole yotenga anthu ofuna ntchito m'mafamu. Moyo wawo wonse anaumitsa fodya m'mabalani. Ankati akalowetsa tsaya pakhomo la balani amadziwa ngati moto wapitirira. Anali munthu wosalankhula pakudya, wosakonda wailesi, wodzuka tambala asanalire ngakhale atapuma ntchito. Moni wawo unali wautali. Ankafunsa za mkazi wako, ana, mbuzi, mpaka njinga, ndipo ukayankha mothamanga ankayambiranso.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali malata. Anawagula kalekale, mkazi wanga Esinati, amene ndi mwana wawo woyamba, akukwawa. Anawasanja pa njerwa kuti asakhudze dothi, ndipo chilimwe chilichonse ankawatulutsa limodzilimodzi n'kuwapaka oyilo wotha ntchito wa thirakitala. Malatawo anali a nyumba imene ankati adzamanga kumudzi kwa amayi awo ku Dedza. Nyumba imene ankagonamo m'komboni inali yaudzu, ndipo inkadontha.

Nkhondo ya m'banjamo inali imeneyo. Mvula ikagwa a Nabanda ankayala mabeseni ndi zitini pansi, n'kuyamba.

"Bambo a Esinati, malata ali panja akunyowa, ife tili m'kati tikunyowa. Wopindula ndani?"

"Munthu safolera nyumba ya mwini. Pano tikudutsa."

"Mwadutsa mpaka imvi."

A Mwale ankangosuntha mphasa kupita pouma.

Sindinganene kuti analibe mfundo. Pamene mafamu anasintha eni, tinaona mabanja akuchoka m'makomboni usiku ndi usana, ena atasiya madenga amene anakhoma ndi manja awo. Ife mwini watsopano anatilola kukhala, natipatsa timinda. Koma a Mwale analoza ngolo zodutsa pamsewu n'kunena kuti aliyense aone yekha. Kuyambira pamenepo anaonjezera oyilo.

Chimene chinkawaopsa a Nabanda sichinali kudontha. Iwo anabadwira ku Mutorashanga, makolo awo ali m'manda a kuno, ku Malawi sanapondeko. Amuna awo ankanena poyera kuti mwamuna amakatsirizira kwa amayi ake, pakati pa ana a alongo ake, pomwe ana obereka yekha ndi a mkazi. Ankanena zimenezi mofatsa, ngati akunena za nyengo. Tanthauzo lake linali lakuti tsiku lina adzakweza malata pa lole n'kupita okha.

A Dinala ndiwo ankawaseka pankhaniyi. Iwo makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo ndi munthu wa kudambwe, pomwe a Mwale anali wa tchalitchi wosaphonya. Ankakhala pa benchi limodzi madzulo alionse, wina uku wina uku, n'kumakangana za Mulungu, za fodya ndi za mbuzi ya a Dinala imene inadya mbewu za a Mwale chaka china chimene wina aliyense anaiwala.

Atapuma ntchito, mwana wawo wamng'ono amene ali ku Joni anawakonzera mapepala ndi ulendo. Mwanayo ankaganiza kuti bambo ake akacheza. A Mwale anatenga chingwe, nayeza utali ndi ufupi wa denga limene malata awo angafolere, namanga mfundo. Chingwecho anachipinda n'kuika m'thumba la jekete. A Nabanda anaona.

Anasankha ine kuti ndiwaperekeze, chifukwa ndimawerenga zikwangwani ndipo sindilankhulalankhula. Tsiku lonyamuka apongozi aakazi anandiitanira kukhitchini, chinthu chimene sanachitepo. Anakhala chondifulatira, monga mwa ulemu.

"A Phiri, mwapita awiri. Mubwere awiri."

Panja a Dinala ankakuwa. "Pitani, pitani! Mukafera kumeneko akakuikani ngati thumba la feteleza, opanda wonena zoipa zanu. Malata ndigulitsa mawa!"

"Ukawakhudza udzaona," anatero a Mwale, osacheuka.

Basi tinakwerera ku Harare. Mzinda umenewu a Mwale ankaudziwa ndipo sankauwerengera. Ankati ndi malo amene munthu amapitako kukabedwa. Koma titangodutsa malire ku Nyamapanda anakhala tsonga, nkhope pagalasi. Ndinazindikira msanga kuti sakuyang'ana anthu kapena magalimoto. Ankayang'ana madenga.

Ku Tete tinafika dzuwa lili pamutu. Ali mnyamata anawoloka Zambezi pa pantoni, ndiye mlatho unawadabwitsa moti anavula chipewa mpaka tinafika tsidya lina. Basi itaima anatsika, naika tsaya kumphepo monga ankachitira pakhomo la balani.

"A Phiri, mzinda uno wina anaiwala kutsegula mazenera. Fodya wa muno wapsa kale."

Anaona anthu atagona pansi pa milambe, agalu ali m'ngalande malilime panja, matumba a makala atandandalika m'mbali mwa msewu. Za makalawo anadandaula ulendo wonse. Sanamvetse kuti munthu angagule moto m'dziko limene mwala ungathe kukazinga dzira. Komabe anawayamikira anthu a ku Tete pa chinthu chimodzi: sathamanga. Ankati mzinda umene anthu ake amayenda pang'onopang'ono uli ndi nzeru.

Ku Blantyre ndi kumene ndinadziwa chinsinsi chawo. Malawi amene ankamutama zaka zonse zija anali mudzi umodzi ndi msika umodzi. Mizinda yake anali asanaione. Anaima pa depoti akuzungulirazungulira, kuyang'ana nyumba zokwera m'mapiri, ina pamwamba pa inzake.

"Wa pamwambayo akataya madzi otsukira mbale, amamwa ndi wa pansiyo," anatero.

Chinawasangalatsa n'chakuti aliyense ankalankhula Chichewa: wapolisi, mtsikana wa m'sitolo, mawu a pa wailesi m'minibasi. Kuno chinenero chathu ndi cha m'komboni. Kumeneko anachiwona chitalembedwa pa zikwangwani zikuluzikulu, ndipo anandiuza kuti ndiwawerengere chilichonse, ngakhale cha sopo. Ndiye anayamba kupereka moni wawo wautali uja. Ku Limbe anagwira dzanja la mnyamata woitanira minibasi n'kumufunsa za makolo ake. Mnyamatayo anati, "Adala, mukwera kapena simukwera?" A Mwale anakwera. Madzulo ake anati Blantyre ndi fodya wooneka bwino pamwamba pa belo, wofunika kumupisa dzanja m'kati.

Ku Dedza kunali kozizira, ndipo phiri analizindikira tili kutali. Anagwira bondo langa, chinthu chimene mpongozi sachita. Kumudzi alongo awo onse anali atamwalira, koma ana awo anatilandira bwino koposa. Anapha nkhuku. Anawatcha malume, nawasonyeza manda a amayi awo. Mawa lake anawatengera pamalo ena pafupi ndi nsungwi n'kunena kuti ngati akufuna kumanga, amange pamenepo.

A Mwale anatulutsa chingwe. Anandipatsa nsonga imodzi kuti ndigwire. Ndinagwira. Anayenda chammbuyo mpaka mfundo yomaliza, nakhoma chikhomo. Malowo anakwana, n'kutsalako.

Ndinkangoganiza za khitchini ija ndi msana wa apongozi aakazi. Esinati ataimba foni ndinamuuza kuti tili bwino, kukuzizira.

Chotsala chinali kupeza lole yodzatenga malata. Anatiuza kuti za malole akudziwa ndi Mavuto, mwana wa mlongo wawo wamng'ono, kalipentala wokhala ku Kawale mu Lilongwe. Tinapita.

Lilongwe anawasokoneza. Ankamukumbukira ngati kaboma ka masitolo ochepa ndi fumbi. Tsopano minibasi inkayenda, kudutsa chimanga, kudutsa mipanda ya njerwa, kuzungulira, kudutsanso chimanga.

"Tafika?"

"Tafika kale, bambo."

"Nanga mzindawo uli kuti?"

Mpaka imfa yawo ankati Lilongwe ndi mzinda umene unamwazika ngati mbewu ya fodya yofesedwa kukuwomba mphepo. Njinga zamoto za kabaza ankaziopa. Atakwera imodzi anamugwira woyendetsa m'khosi mpaka mnyamatayo anaima n'kupempha kuti apume. Anaona msewu wina umene akalipentala amagulitsa mabokosi a maliro pambali pa mipando ndi mabedi, ndipo anati anthu a kuno ndi achilungamo, amakuonetsa zonse zimene udzagonepo. Madenga anawaona: abuluu, obiriwira, ofiira. Mavuto atamva za malata a ku Darwendale anaseka pang'ono mwaulemu, nati malata ali mbwee m'tauni, palibe chifukwa chovutikira ndi akale. A Mwale anamuyang'ana ngati wanyoza mwana wawo.

Tsiku loti tikaonane ndi a malole, tinapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu wa kwa Mavuto. Kunali maliro. Anamwalira telala wina woyandikana naye. Ulendo wa malole unaima, tonse tinapita kusiwa.

Ku famu kwathu a Mwale sankakhala pansi pamaliro. Ankadziwa amene anagona pati m'manda onse, ndipo adzukulu, anthu okumba manda, sankayamba asanawalozere malo. Choncho ataona amuna akunyamuka, nawonso ananyamuka n'kuyamba kupinda manja a malaya. Munthu wina anawagwira paphewa.

"Khalani, agogo. Inu ndinu alendo."

Anawabweretsera mpando wapulasitiki, nauika pamthunzi. Ena onse anali pansi.

Mwambo uli m'kati, mdzukulu wina anatulukira atakoloweka tepi yoyezera m'khosi. Anakhala pa chidebe n'kumapalasa mapazi ngati ali pa makina osokera. Aliyense womuyandikira ankamuuza, osadzutsa mutu, "Mubwere mawa, kwangotsala mabatani." Anthu anaseka mpaka ena kugwira pamimba. Mkazi wa malemuyo anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Zikuoneka kuti telalayo sanamalizepo chovala pa tsiku limene analonjeza.

A Mwale sanaseke. Anayang'ana nkhope za anthu onse aja, mmodzimmodzi. Kenako anakodola Mavuto, amene anabwera n'kunjuta pambali pa mpando.

"Iwe, ine nditafera kuno, alipo angandiyerekeze chonchi?"

"Aa, malume, musalankhule zotero. Inu ndinu munthu wolemekezeka. Tidzakuikani mwaulemu wonse."

"Mwaulemu."

"Eya, malume. Palibe angayerekeze kukusekani."

A Mwale anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anapisa dzanja m'thumba momwe munali chingwe, nalisiya momwemo.

M'mawa mwake ndinavala nsapato kuti tipite kwa a malole. Ndinawapeza panja atavala kale jekete, chikwama chili pamapazi.

"A Phiri, mabasi a ku Harare amakwerera pati?"

Sindinafunse chifukwa. Ndinaopa kuti funso lingawabweze. Ngakhale m'basi sindinakhulupirire. Podutsa ku Dedza ndinayang'ana pansi, iwo akuyang'ana phiri mpaka linabisika. Mtima wanga unakhala pansi titadutsa Nyamapanda, pamene anatsitsa galasi n'kuyamba kukangana m'Chishona ndi mayi wogulitsa masawu, kumuuza kuti mbale yake ndi yobooka pansi. Mayiyo anawabwezera mawu, nawatcha mudhara wouma manja, ndiye kuti nkhalamba youmira. A Mwale anaseka koyamba chichokere ku Kawale.

Minibasi inatitsitsa pamphambano dzuwa likupendeka. A Dinala anali pa benchi.

"Ii! Akukanani?"

"Ndabwera kudzaona ngati waba malata anga."

"Ndani angabe dzimbiri? Ndimati mwafa, ndinayamba kale kuyeserera kayendedwe kanu."

"Tayesa tione."

A Dinala ananyamuka, nayenda chokhotetsa miyendo, manja kumbuyo, mphuno m'mwamba ngati munthu wonunkhiza fodya. Ana a m'komboni anakuwa. A Mwale anati sizinafanane n'komwe, ayesetsebe, nthawi ikadalipo.

A Nabanda anatuluka m'khitchini, natiwerenga ndi maso, nalowanso. Patapita kanthawi anatuma mdzukulu wawo kudzandipatsa chiwindi cha nkhuku pa mbale yangayanga.

A Mwale sanalengeze kanthu kwa wina aliyense. Patangopita masiku ochepa ananditumira uthenga kuti ndibwere ndi hamala, ndipo ndikagule misomali ya malata ku Darwendale. Tinasasula udzu. Malata apansi anali atadyeka m'makona ngakhale ankapakidwa oyilo, koma ambiri anali bwino. Anakwana nyumba yonse ndi kakhonde. Iwo anaima pansi akulamula, a Dinala ali pambali kunena kuti denga lapendama. Wina atawafunsa ngati saopa kuti tsiku lina tingachotsedwe pafamu, anati akadzatichotsa adzatipeza tili ouma.

Mabeseni ndi zitini zija a Nabanda anadzalamo tsabola ndi anyezi.

Anakhala pansi pa denga limenelo zaka zingapo. Ulendo uja unasanduka chuma chawo. Madzulo pa benchi ankafotokoza mizinda, ndipo chaka chilichonse Tete ankatentherako, mapiri a Blantyre ankatalikirako, Lilongwe ankamwazikirako. Achinyamata opita ku Joni ankawalangiza kuti mzinda usamauone pa nyumba zake zazitali, uziona ngati munthu angayime kumva moni wako mpaka kumapeto. Akandiitana kuti ndichitire umboni, ndinkavomera zonse. Za maliro a telala sanafotokozepo, ndipo inenso ndikuzinena koyamba pano.

Sanasiye kunena kuti kwathu ku Dedza. Ana a alongo awo ankawaimbira foni, ndipo chikhomo chija akuti chinakhalapo mpaka chiswe chinachidya. Koma atayamba kudwala anatenga adzukulu okumba manda n'kukawalozera malo kuseri kwa mabalani, nawauza kuti pambali pake asiyepo mpata wa a Dinala, kuti mkangano wa mbuzi ukathere komweko.

Dzulo ndinapita kukaona apongozi aakazi. Kuseri kwa nyumba njerwa zija zikadali pomwepo, m'mizere iwiri, popanda chosenza. Dothi la pakati pake ndi lakuda ndi oyilo, udzu sumerapo, ndipo nkhuku zimakonda kusambapo fumbi. Chingwe a Dinala anachibweza, chili pa msomali pakhonde. Iwo amabwerabe madzulo n'kukhala kumapeto kwawo kwa benchi. Mbali inayo sakhalako munthu.

Ndili pomwepo mvula inayamba. Tinalowa m'nyumba, ndipo phokoso la padenga linali lalikulu moti sitinkamvana. A Nabanda anayang'ana kumwamba, nayang'ana pansi pouma, nakweza mawu.

"Zaka zonse zija ndinkalirira malata. Sanandiuze kuti amasokosa chonchi."

Anasuntha mpando wa amuna awo pang'ono, kuuchotsa pamalo pamene kale pankadontha, ngakhale kuti sipadonthanso.